Mlandu wa Botolo Lachiwiri

Khala pansi, mdzukulu wanga. Pampando ayi, mpando ndi wa anthu amene sanapalamule. Pamphasa apo. Mlandu uwu sindivutitsa nawo amfumu, ndiuzenga ndekha, ndipo agogo ako aakazi ndiwo mboni.

Watsika minibasi pa Namitete, wakwera kabaza, wafika ndi mabotolo awiri okulunga m'juzi ngati mazira. Mpaka apo ndinalibe nawe chifukwa. Koma zimene ndaona pakhonde pano, ha! Wathira m'tambula, wakweza kudzuwa, wapukusa, kenako mphuno yonse m'menemo, maso tsinzinu, ngati wogula fodya ku okushoni ku Kanengo. Mowa wakulakwira chiyani kuti uziufufuza chotere? Usanamwe n'komwe wayamba waujambula pafoni, kuti akhute nawo anzako a pa WhatsApp.

Ukuti dzina lake ndi amber lager, ndipo ndi wa "craft", kutanthauza wofulula ndi manja, wochepa, osati wa m'fakitale yaikulu. Mawu amenewo wawanena pamaso pa mayi amene wafulula mowa zaka zoposa 50! Amanyika mawere, nawafunditsa mpaka amere, nayanika chimeracho padzuwa uku akuingitsa nkhuku. Phala lake amatakasa mumgolo mpaka mapewa kuphwanya, ndipo mbiya ikayamba kutokota usiku amadzuka kukaimvetsera ngati mwana wodwala. Anthu ankachokera ku Nsaru panjinga kudzafunsa ngati wapsa. Palibe anautchapo wa "craft". Mumangoti masese, n'kukwinya mphuno.

Nkhani ya mtunduyo usandiphunzitse. Wati ndi wofiirira chifukwa chimera cha balere anachikazinga kwambiri. Nanga chimanga chikakhalitsa paphale chimayera? Wati kuwawako ndi timaluwa totchedwa hops, ndipo amausunga pozizira masabata angapo kuti udikhe. Zimenezo ndavomera, ndi luso. Za mzungu wako wa ku Vienna uja, Anton Dreher, amene anatulutsa mowa wamtunduwu mu 1841, ndamvanso. Koma usaganize kuti botolo lofiirira ndaliona lero. Carlsberg atatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ine ndevu zinali zitamera. Tikagulitsa fodya bwino tinkaitanitsa Brown, osauka tsiku limenelo n'kukhala ena. Bambo ako anali asanabadwe.

Tsono mlandu weniweni ndi uwu. Kuti wayamba kumwa ndiwe, sindikukutsutsa. Mwini mowa ndiye amayamba, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Koma amamwa kamodzi n'kupereka chipanda kwa wamkulu ndi manja awiri, chizungulire bwalo lonse. Iwe walawa, walawanso, wachukucha m'kamwa ngati ukutsuka mano, uku ine mmero uli gwa. Ngakhale kadontho kothira pansi kuti makolo anyowetse kukhosi, ayi ndithu. Ana a masiku ano aliyense botolo lake, aliyense foni yake. Pa dima ungalimitse munda wa ndani ndi kabotolo kotere? Makasu awiri okha, mowa watha.

Bweretsa kuno tambulayo, woweruza ayenera kuona umboni.

Hmm. Thovu lake n'losalala, silithawa msanga. Poyamba ukutsekemera pang'ono, ngati nkhoko za phala zopserera pansi pa mphika, zimene tinkalimbirana tili ana. Kenako kakubwera kuwawa kochenjera, kosafika pa kachasu, kongokanda kumbuyo kwa lilime n'kuchoka. Koma ndi wopyapyala, mwanawe. Masese umamwa n'kukhuta, uwu ukungodutsa ngati mlendo wosagonera. Dikira ndilawenso, mwina ndaunamizira.

Mayi, inu mukuseka chiyani? Tabwerani mulawe ntchito ya anzanu. Mwati chiyani? Akuti chimera anachidziwa, koma anachiumira.

Chigamulo nachi. Wapezeka wolakwa pa kununkhiza, pa kujambula, ndi pa kudikiritsa nkhalamba. Mbuzi sindikulipiritsa, ndikudziwa za m'thumba mwako, pakuti wandiuza mtengo wa botolo limodzi ndipo mtima wanga sunakhazikikebe. Chindapusa chako ndi botolo lachiwiri lija. Usalibise kumbuyoko, ndaliona kale. Kalitenge, ubwere ndi chipanda chili pa thandala, ukachitsuke bwino. Foniyo isiye pomwepo.