Za Kuzonda Mkulu Wosakhoza Kukhala Pansi

Pakati pa nthenda zonse zimene ana a Adamu analandira, palibe ina yochepetsa munthu wolemekezeka koposa nthenda ya mudzi. Pakuti ngakhale madokotala anena kuti ndi mitsempha chabe ya magazi yotupa kotulukira chimbudzi, chifukwa cha kudzimbidwa ndi kudzikakamiza, mwini wake sangaitchule pamaso pa apongozi.

Mkulu wina wa mpingo kuno ku Chilobwe, atamdula mudziwo kuchipatala cha Gulupu ndi kumkonza pamene panang'ambika, anabwera kunyumba ndi malamulo omveka: nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba, papaya, madzi ambiri, ndi kukhala m'beseni la madzi ofunda mphindi 15 katatu pa tsiku, mpaka milungu 3 kapena 4 itatha. Koma kwa anthu analengeza kuti kanali "kavuto ka m'mimba".

Tsono ozonda anakhamukira kumeneko, yense ndi chifundo chake m'manja. Amayi a Mvano anatula buledi woyera, mpunga ndi nkhuku yokazinga, ndizo zomwezo zimene zinamfikitsa pa mpeni. Ndipo iye, atalandira ndi manja awiri, anaiyang'ana nkhukuyo monga Mose anayang'ana dziko la Kanani ali paphiri.

"Khalani pansi, abambo, musavutike ndi ife."

"Iyayi, amayi, alendo aulemu salandiridwa chikhalire."

Pamenepo anatulukira mlamu wake, munthu wodziwa zonse, amene chaka chatha anaonetsa lokeshoni yonse chipsera chake cha pamimba, nati, "Alamu, tationetsani balalo, tione ngati anasoka bwino." M'nyumba munagwa bata lalikulu, kufikira mayi wa pakhomopo, mkazi wanzeru ndithu, anati, "Tiyeni tipemphere."

Koma yesero lenileni linali kudza alendo atachoka. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkuluyu anamva ndithu, koma chitseko cha kuseri anachizungulira masiku awiri ndi mantha, osadziwa kuti chimbudzi chikasungidwa chimaumirabe, ndi kuti mankhwala amphamvu opha ululu, monga codeine, nawonso amadzimbitsa. Pomalizira anagonjera papaya ndi mankhwala ofewetsa amene anampatsa kuchipatala, ndipo ana anauzidwa kukweza wailesi.

Lamulungu lake, poopa bampu za minibasi, anayenda wapansi kunka kutchalitchi, anthu nayamika kudzichepetsa kwake. Ndipo poopa benchi, anaimirira ulaliki wonse, kotero kuti abusa anamtchula pa guwa ngati chitsanzo cha changu, nadzudzula anyamata okonda kukhala.

Inu abale amene mudzazonda wodwala wotere, tengani papaya wakupsa, musafunse za bala, ndipo mukaona ketulo yawira ndi beseni likulowa kuchipinda, tsanzikani msanga.