Petulo wanga ndi wosaugwira mtima

Pali anthu amene amagula galimoto kuti iziwanyamula. Ine ndinagula yoti ndiziinyamula ine, ndipo ndikulemba pano msana ukuwawa.

Ndi Subaru Impreza WRX yabuluu, yakale ndithu, imene inatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe kalekale. Isanafike kwa ine inadutsa m'manja mwa amuna atatu, ndipo aliyense anaigulitsa akumwetulira. Kumwetulirako ine ndinkayesa ulemu. Mkati mwa kachitseko kothirira mafuta muli kapepala ka zilembo za Chijapani, ndipo chaka chathunthu ndinkauza anzanga kuti ndi mawu ofunira dalaivala ulendo wabwino. Mwana wa mlongo wanga atakajambula ndi foni, foniyo inamasulira kuti galimotoyi imamwa petulo wapamwamba yekha. Ku Japan petulo ameneyo amamutcha haioku, ndipo nambala yake ya octane imayandikira 100. Kuno ukafika pothira mafuta funso ndi limodzi: petulo kapena dizilo? Miyezi ina funsolo limafupika, n'kungotsala lakuti: alipo?

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapita kwa mnyamata wina wa laputopu amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande. Analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, nasisita ndevu zimene alibe, n'kundifunsa: "Madala, mukufuna iziyenda kapena iziuluka?" Pa msinkhu wangawu ndinayankha kuti iziuluka. Anakweza mpweya umene turbo imakankhira mu injini, anafulumizitsa nthawi imene mapulagi amathethekera moto, ndipo tinamangirira ekizozi yaikulu ngati mtondo.

Sabata yoyamba ndinali mfumu. Agalu a m'dera lathu anasiya kuuwa akuba, onse anatembenukira kwa ine. Pa Chipembere Highway ndinkapitirira aliyense, n'kukafika poyambirira pamzere wa magalimoto pa Ginnery Corner, pomwe wakabaza amene ndinamusiya m'mbuyo ankandipeza, kundipatsa moni, n'kudutsa.

Tsoka linandipeza pochokera ku ukwati ku Chikwawa, mwezi wa October, dzuwa lili pamutu. Kutsogolo kunali mayi a kunyumba, kumbuyo apongozi ndi thumba la mapira. Titawoloka Shire n'kuyamba kukwera mapiri aja a ku Thabwa, ndinaponda moto kuti apongozi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Pamenepo mu injini munayamba kulira kanthu: tche-tche-tche-tche, ngati mtedza wouma m'chitini. Kenaka galimoto inalefuka, mphamvu zonse zii.

"Apongozi," anatero apongozi angawo mwaulemu, "kodi mwagwetsera makobidi m'makinamo?"

Tinakwera phiri lonse pa giya yachiwiri. Lole ya makala inatipitirira, ndipo mnyamata amene anakhala pamwamba pa matumba anatibayibitsa.

M'mawa mwake ndinapita kwa makaniko wachikulire wa ku Limbe, uja ndinkamupewa chifukwa amanena zoona. Ndinamuuza kuti petulo wathu alibe mphamvu, ndikufuna wa octane yokwera kuti aziyaka msanga. Anandiyang'ana ngati mmene mphunzitsi amayang'anira mwana wobwereza Sitandade 5 kachitatu.

"Bwana, mwatembenuza. Octane si mphamvu. Ndi kuugwira mtima."

Anatola pisitoni yakale pansi n'kufotokoza. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya ndi petulo, zimatentha, ndipo petulo wabwino amadikira kuti moto wa pulagi umupeze n'kumuyatsa mwadongosolo. Petulo wa octane yochepa sadikira. Akangopanikizika, wina amene ali m'mbali amadziphulikira yekha, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati nyundo. Ndiwo makobidi a apongozi aja. Turbo yokwezedwa, kutentha kwa ku Chikwawa, mpweya wochindikala wa kuchigwa, phiri ndi thumba la mapira, zonsezo zinagwirizana tsiku limodzi. Kulefuka kuja inali kompyuta ya galimoto: ili ndi kachipangizo komva kugogoda, ndipo ikamva imachedwetsa moto kuti injini isasweke. Mwachidule, pa ulendo wonse uja wanzeru m'galimoto anali kompyuta.

Nditafotokozera mayi a kunyumba madzulo, anamvetsa msanga kuposa ine. "Ndiye kuti inunso, bambo, ndinu a octane yochepa. Munthu asanamalize kulankhula mwaphulika kale." Ndinayamba kukana mokweza asanamalize chiganizo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Usiku umenewo ndinawerenga kuposa mmene ndinawerengera pokonzekera mayeso a MSCE. Nambala ija inachokera kwa katswiri wa ku America, Graham Edgar, m'zaka za m'ma 1920. Anatenga mankhwala awiri: iso-octane, wopirira kwambiri, anamupatsa 100, heptane, wamtima wapachala, anamupatsa 0. Petulo wa 95 ndi amene amapirira ngati chisakanizo cha magawo 95 a woyambayo ndi magawo 5 a winayo. Ku South Africa woyendetsa amachita kusankha, 93 kapena 95. Ine zimene ndimasankha ndi kuthira malita atatu kapena kugula ndiwo.

Apa ndi pamene safunsa anayamba kudya phula.

Choyamba ndinagula kabotolo ka octane booster, kokhala ndi chithunzi cha malawi a moto. Panalembedwa kuti kamakweza ndi mapointi anayi. Ndinawerengetsa mumtima kuti ndafika ku Japan. Ndinathira, ndinayenda, mtedza uja uli pompo. Makaniko ataona botolo anaseka mpaka kutsokomola: pa mabotolo ambiri otere pointi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala. Mapointi anayi ndi 0.4. Ndinali nditagula dontho pa mtengo wa nkhuku yoweta. Mabotolo atatu otsatira, chifukwa ine sindigonja msanga, anangosiya mapulagi ali ofiirira ngati dothi la ku Thyolo. Akuti ndi manganese amene amakhalamo.

Kenaka anabwera alamu anga, amene sanakhalepo ndi galimoto koma amadziwa matenda a galimoto iliyonse. Iwo anati kale madalaivala ankaponya m'thanki timibulu toyera tija toteteza zovala ku njenjete. Ndinatenga m'sutikesi ya mayi a kunyumba timibulu khumi. Zotsatira zake zinali ziwiri: sefa ya petulo inatsekeka ndili pakati pa msewu ku Chirimba, ndipo njenjete zinadya chitenje cha Mvano. Pa ziwirizi, chimene chinandidula kwambiri si sefa.

Alamu sanafooke. Anati ndege zing'onozing'ono za pa Chileka zimamwa mafuta abuluu a octane 100, ndiye tipeze munthu wotigawira chigubu. Apa ndinafunsa kaye, ndipo ndikupempha kuti owerenga andiwombere m'manja. Mafuta amenewo, 100LL, ali ndi mtovu. Mtovu ndi umene Thomas Midgley anapeza mu 1921 kuti umaletsa injini kugogoda, ndipo dziko lonse linaupuma kwa zaka zambiri, ukuwononga ubongo wa ana. Mayiko athu a kumwera kwa Sahara anauchotsa mu petulo pofika 2006, ndipo Algeria ndiye anatsekera khomo mu 2021. M'galimoto ngati yanga umapha kachipangizo koyeza mpweya wa mu ekizozi. Komanso ndinadziona m'maganizo ndili pa geti ya bwalo la ndege ndi chigubu chachikasu, ndikufotokozera wapolisi kuti ndi za Subaru.

Toluene ndiye amagwiradi ntchito, nambala yake ili cha m'ma 120. Koma pafunika lita imodzi pa malita khumi alionse a petulo kuti ukwere ndi manambala awiri kapena atatu, ndipo thina wa penti wa m'mahadiweya si toluene weniweni, ndi chisakanizo chimene chimadya mapaipi a labala. Ndinaima mu hadiweya ndi chitini m'manja kwa mphindi khumi. Wogulitsa anandifunsa kuti ndikupenta zipinda zingati. Ndinati ndikungoona mitengo.

Chimene chinandipweteka mtima ndi ichi. Mankhwala amene ndinkawasaka m'mabotolo a kunja timawapanga konkuno. Ethanol ali ndi octane yoposa 100, ndipo Malawi anayamba kumusakaniza mu petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itayamba kumutcheza kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Ina ili ku Chikwawa komweko kumene ndinachitira manyazi. Ndiye kuti petulo amene ndinkamunyoza uja anali atathandizidwa kale ndi nzimbe zathu, ndipo wosokoneza ndinali ine ndi laputopu.

Alamu atamva mawu akuti kutcheza, maso anawala. Anati akudziwa mayi wina ku Zingwangwa amene kachasu wake amayaka ukamuyandikiza machesi. Makaniko anagwira mutu. Kachasu, ngakhale wa mutu weniweni, amakhala ndi madzi ambiri, ndipo madzi m'thanki amakoka ethanol yense n'kukakhala naye pansi. Ngakhale ethanol weniweni sungangothira mwachisawawa: lita yake ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, choncho injini imafuna wambiri, ndipo popanda kuikonzanso kompyuta imakhala ndi njala n'kutentha. Alamu anali atagula kale botolo la malita awiri ndi ndalama zanga. Anati asalitaye, akaliyesa okha kunyumba. Lipoti lawo linafika patapita masiku awiri: octane ilimo.

Pomaliza makaniko anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo. "Bwana, mumathamangira kuti?" Ndinaganiza. Kuntchito, pamzere. Kutchalitchi, pamabampu asanu ndi awiri. Kumudzi, pamsewu umene maenje ake ali ndi mayina.

Ndinabwerera pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata wa laputopu anandilandira ngati m'bale. Ndinamuuza motsitsa mawu kuti atsitse turbo, abweze moto m'mbuyo, galimoto igwirizane ndi petulo wa pampu. Anagwedeza mutu momvetsa, nadina mabatani kwa mphindi zisanu, n'kutchula mtengo wofanana ndendende ndi uja anandilipiritsa pokweza.

"Koma achimwene, mwangobwezera mmene inalili."

"Eya madala. Kukwera ndi kutsika, minibasi mumalipira konse."

Ekizozi yokha ndinaisiya, chifukwa munthu amafunika kutsala ndi kenakake. Tsopano galimoto imalira ngati ikupita ku mpikisano pomwe ikupita kuchigayo. Loweruka lapitali apongozi anaimba foni kuti kuli chinkhoswe ku Nchalo. Ndinawauza monyadira kuti makobidi aja tinawachotsa, ndidzawatenga ndine.

"Musavutike apongozi," anatero. "Ndalankhula kale ndi mnyamata wa lole ya makala."