Ine ndi Ufulu Wanga wa pa Zebra Crossing

Mavuto anga anayamba nditawerenga Highway Code. Ndinkakonzekera mayeso a laisensi, ndiye nditafika pomwe amati munthu akaponda pa zebra crossing madalaivala amupatse mpata, mutu unakula. Ndinafufuzanso pafoni n'kupeza kuti mizereyi inayambira ku Slough, ku England, mu 1951, ndipo ndinauza aliyense kuntchito, ngakhale amene sanandifunse. Chimene ndinadumpha ndi masamu: galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo mabuleki alibe nazo ntchito zoti munthu wawerenga buku.

Munthu wanzeru akanayesera kamsewu ka kumpanda. Ine ndinasankha Masauko Chipembere Highway, cha ku Ginnery Corner, nthawi yoweruka, galimoto zopita ku Limbe zili bondo ndi bondo. Ndinakonza tayi, ndinatukula chibwano, ndinayang'ana kumanzere mwa confidence yonse, kuiwala kuti kwathu kuno galimoto zimayenda kumanzere choncho yokugunda imachokera kumanja, ndipo hutala italira pakhutu ndinabwerera chambuyo mothamanga, nsapato imodzi n'kutsala pamzere woyera, ine n'kuima pambali ndi sokosi yobooka chala chachikulu chili panja, amayi ogulitsa nthochi akuyesetsa kubisa nkhope m'chitenje kuti ndisaone kuti akuseka. Nsapatoyo inapondedwa ndikuona. Mpaka lero imalira ndikamayenda.

Kenako ndinaganiza kuti chosowa ndi ulamuliro. Ndinali nditaona apolisi apamsewu akungokweza dzanja galimoto n'kuima, ndiye nanenso ndinakweza langa, chikhatho chili tambasu. Inaimadi minibasi. Mtima usanasangalale kondakitala anali atatsegula kale chitseko, watenga kale chikwama changa, akuti, "Limbe, bigi, mpando ulipo, lowani!", ndipo poti anthu onse m'katimo ankandiyang'ana, ine manyazi n'kundigwira kuti ndinene kuti ndimangofuna kuoloka, ndinakwera, ndinapanikizika pakati pa thumba la makala ndi bambo wina wonenepa, ndinalipira, ndinakatsika ku Limbe kumene ndinalibe chochita chilichonse. Mnyamatayo analibe mlandu. Kuno dzanja lokwezedwa pambali pa msewu limatanthauza chinthu chimodzi basi.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti tsiku lina dalaivala anaima. Anaima ndithu, mayi wa magalasi, n'kundiphethirira magetsi kuti ndidutse. Ine m'malo modutsa ndinayamba kukayika, phazi kutsogolo phazi kumbuyo, iwo akukodola ine ndikukodolanso kuti ayi pitani ndinu, m'mbuyo mahutala akulira, ndipo nditalimba mtima ndinadutsa chowerama, ndikuwomba m'manja ngati mkamwini pakhomo pa apongozi, maso ali pa mayiwo, osakumbuka kuti msewuwu uli ndi mizere iwiri mbali iliyonse ndipo kuima kwa galimoto imodzi sikuimitsa yapambali pake. Wakabaza wanjinga yamoto anandizemba mwaluso. Mazira amene ndinanyamula m'jumbo sanazembe bondo langa. "Pepani, achimwene!" ndinakuwa ine, iye ali kale kutali.

Ndinasiya zamabuku n'kuyamba kubisala kumbuyo kwa odziwa. Ndinkaima pafupi ndi gulu, iwo akasuntha nanenso n'kusuntha. Zinayenda bwino mpaka pamene ndinatsatira mnyamata wogulitsa matchaja, amene anafika pakachilumba kapakati pa msewu n'kuima, poti ndiye pa ofesi pake. Ndinaima naye pamenepo nthawi yaitali mpaka ndinagula tchaja imene siilowa pafoni yanga.

Anandichotsapo ndi kamtsikana ka yunifolomu ya pulayimale. Kanandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato yolira ija, kanandigwira dzanja, kanadikira mpata, kanayang'anizana maso ndi dalaivala mpaka anachepetsa liwiro, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Agogo, tiyeni, musaope." Ine imvi ndilibe ngakhale imodzi. Ndinagwiritsitsa dzanjalo.