Mabulosi sasunga chinsinsi

September akafika, dzuwa n'kuyamba kuwotcha paliwombo, mango akadali aawisi odyera mchere, m'makwalala a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe mumayamba kuoneka anthu a milomo yakuda. Si matenda ayi, mabulosi apsa. Ana amayenda nayo milomoyo monyadira. Vuto lili kwa akuluakulu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mlembi wa danga lino, bambo wa ana, wamimba yoonekera patali, amene chaka chilichonse amalumbira kuti wakula, chonsecho amapezeka pansi pa mtengo wa aneba khosi lili m'mwamba.

Mkuluyu ali ndi lamulo lake lomwe silinadutse ku Nyumba ya Malamulo: nthambi ikadumpha mpanda, yasamuka. Aneba sanafunsidwepo maganizo.

Wina angati bwanji osangogula. Mabulosi si chipatso cha m'sitolo. Akapsa amafewa moti kungowagwira aphwanyika, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri ayamba kusasa. Ukathyola ofiira kuti akapsere kunyumba wadzinamiza, chifukwa akachoka mumtengo sawonjezeranso kutsekemera. Wowafuna ayenera kupita yekha kumtengo, akalimbane ndi apumbwa komanso ana a sukulu, omwe amakwera mpaka kunsonga n'kumafuula kuti, "Madala, tikugwetsereni?" Madalawo amayankha kuti akungoona ngati anawo ali otetezeka.

Odziwa sakwera n'komwe. Amayala nsalu pansi, n'kugwedeza nthambi pang'onopang'ono, akupsa okha n'kumagwa. Nzeruyi mlembi wathu anaimva bwino, koma nsalu imene anatola pachingwe inali chitenje cha chinkhoswe cha mayi a kunyumba. Madzi a mabulosi ndi utoto weniweni, wa mtundu womwewo umene umadetsa mphesa zakuda, ndipo sasankha chala, lilime kapena nsalu. Pobwera, chitenje chili m'khwapa, anayesa kufotokoza kuti anali kumsonkhano wa chitetezo cha m'dera.

"Bambo a mwana, tatulutsani lilime," anatero mayiwo. Mlandu unathera pomwepo.

Zala zimayera ukazipaka madzi a mandimu, kapena ukazitikita ndi mabulosi aawisi obiriwira, monga amachitira ana. Nsalu imafuna kuchapidwa msanga utoto usanaume. Za chitenje chija pakhomopo sizikambidwanso.

Pofuna kudzitonthoza, mkuluyu amakumbutsa a m'banja mwake kuti mtengowu unapusitsapo ngakhale mfumu. Mabulosi oyera kwawo ndi ku China, kumene kwa zaka masauzande akhala akudyetsa masamba ake mbozi zopanga ulusi wa silika. Cha m'ma 1609 mfumu James I ya ku England inafuna kuti dziko lake lizipanga lokha silika, ndipo inalimbikitsa anthu kubzala mitengo ya mabulosi yambirimbiri. Munda wina unali pamalo pomwe lero pali Buckingham Palace ku London. Koma yomwe inabzalidwa inali ya mabulosi akuda, pomwe mbozizo zimakula bwino ndi masamba a oyera, ndipo bizinesiyo inafera m'mazira. Mayi a kunyumba anamvetsera zonsezi n'kufunsa ngati mfumuyo inaonongako chitenje cha mkazi wake.

Kukhitchini ndiye kumene chipatso chaulere chimayamba kulipiritsa. Mkuluyu anati aphike jamu, ana asiye kudya buledi wouma. Choyamba, bulosi lililonse lili ndi kaphesi kobiriwira kamene sikathothoka kokha. Kamafuna sizasi ndi kuleza mtima, zinthu ziwiri zomwe iye sadziwa kumene zimasungidwa. Chachiwiri ndi shuga. Kilogalamu imodzi ya zipatso imafuna shuga wofika pafupifupi kilogalamu yathunthu, ndipo aliyense amene wagulako paketi masiku ano akudziwa kuti ameneyo si wochita naye masewera. Onjezanipo makala a pambaula. Onjezaninso mandimu, chifukwa mabulosi paokha sagwirana bwino, amafuna chowawasa kuti jamu alimbe. Ophika enieni amadontheza pang'ono pambale yozizira n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya ndiye kuti wapsa, poto achoke pamoto.

Mlembi wathu anadontheza, analawa, anadonthezanso, analawanso. Kenako wailesi inayamba kuulutsa mpira. Pomwe ankakumbukira za poto, jamu anali atasanduka phula la mumsewu, mthiko utaima chilili pakati. Ana anakhala sabata yathunthu akuswa zidutswa ndi mpeni n'kumayamwa popita kusukulu, ndipo anzawo akuti anayamba kuitanitsa.

Mayi a kunyumba sachita zonsezi. Amatsuka mabulosi, kuwaphwanya ndi supuni, n'kuthira m'phala la m'mawa kapena kusakaniza ndi chambiko. Ena amawafinyira pasefa, kuthira madzi ndi shuga pang'ono, ana n'kumwa. Gawo lina amaponya mu ufa wa chigumu. Palibe poto wopserera, ndipo kupatula mu chigumumo, vitamini C, amene mabulosi ali naye wochuluka ndithu, sathera pamoto.

Aneba aja anabwera Loweruka m'mawa atanyamula chikwanje. Mkuluyu anayamba kale kukonza mawu opepesa, koma iwo amangofuna kusadza nthambi ija kuti masamba akadyetse akalulu ndi mbuzi zawo, poti ziweto zimawakonda ndipo zimanenepa nawo. Pochoka anamusiyira kamtengo kotalika ngati mkono. "Achimwene, kazikeni aka nthawi ya mvula, kamaphuka kokha. Muziba zanu."

Tsopano pakhomopo pali mkangano wa malo. Mkuluyu akufuna pafupi ndi khonde, kuti azithyola ali pampando. Mayi akuti kuseri kwa khola, kutali ndi chingwe choyanikira zovala, chifukwa pumbwa akakhuta mabulosi sayang'ana kuti pansi payanikidwa shati yoyera ya kutchalitchi. Kamtengoko pakali pano kali m'ndowa ya madzi, kudikira chigamulo cha ankhoswe.