Pulasitiki ya Mario

Mu August 2021 ndinamva kuti katiriji imodzi ya Super Mario Bros. yagulidwa madola 2 miliyoni ku America, pomwe ina inali itapita pa madola 660,000 mu April. Mutu unandizungulira. Ine ndinakulira pa timakatiriji tachikasu tija tolembedwa "9999 in 1", tomwe mkati mwake munali Mario yemweyo wobwerezabwereza, choncho ndinkadziyesa katswiri.

Loweruka lina ku Leicester, pamsika pomwe azungu amagulitsira zakale m'mabuti a galimoto, ndinaiona: bokosi la Mario, lokutidwa bwinobwino m'pulasitiki. Mwini wake anati mapaundi 80. Sindinanenerere n'komwe, kuopa kuti angadzidzimuke. Ndalamayo inali ya feteleza wa amayi ku Ntcheu, koma ndinati munthu wa mamiliyoni angagule fakitale yonse ya feteleza.

Madzulo ndinawakhazika pansi mayi akunyumba n'kuwaphunzitsa. Ndinawauza kuti gemuyi inatuluka ku Japan pa 13 September 1985 pa makina a Famicom a kampani ya Nintendo, kuti anaikonza ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, ndipo kanyimbo kosachoka m'mutu kaja anapeka ndi Koji Kondo. Ndinawauzanso kuti malo m'katirijimo anali ochepa kwambiri moti mitambo ndi zitsamba ndi chithunzi chimodzi, anangosintha mtundu.

"Nanga ikugwira ntchito, abambo?"

Funso limeneli ndi lomwe linandipha. Ndani angagule chinthu chakufa? Ndinatenga mpeni wa anyezi, n'kucheka pulasitiki ija, n'kusolola katiriji, n'kuiuzira mpweya kunsi monga tinkachitira kale. Makina oiseweretsera ndinalibe, koma mtima unakhala pansi.

Usiku womwewo ndinawerenga bwino nkhani ija. Gemuyi inagulitsidwa makope oposa 40 miliyoni, ndipo yambiri inkabwera pamodzi ndi makina a Nintendo otchedwa NES. Si chinthu chosowa ayi. Chomwe osonkhanitsa amathirira ndalama ndi kope loyambirira lomwe silinatsegulidwepo, lopimidwa ndi akatswiri n'kutsekeredwa m'kabokosi kolimba koonekera mkati. Anthu amenewa amagula gemu kuti wina asadzaisewere mpaka kalekale, ndipo ine mpaka lero ndimati ndi misala. Koma misala yawoyo ndi imene ndinali nditangoicheka ndi mpeni. Ndinakafukula m'bini pakati pausiku, pulasitiki ija ndinaipeza itamatirira makoko a tomato.

Lolemba ndinapita nazo zonse kwa wogulitsa magemu akale, pulasitiki ili m'envelopu. Anaitembenuza kamodzi n'kuseka.

"Musalire, bwana. Iyi wina anaikutira kunyumba kwake, taonani msoko wake. Komanso ili ndi kope la ku Ulaya, kuno gemuyi inafika mu 1987. Za mamiliyoni zija ndi za ku America."

Kunena zoona ndinasangalala ngati ndawina, mpaka pomwe anatchula mtengo: mapaundi 30, n'kuchotsapo 10 chifukwa mpeni unalowa m'bokosi.

Ndili pa basi, foni inalira. Anali achimwene ku Ntcheu, omwe ndinawatumizira uthenga Loweruka lija ndisanafike n'kunyumba komwe. Anati alankhula kale ndi amfumu za malo omangapo nyumba yosanja, ndipo anyamata ayamba kuumba njerwa pangongole, m'dzina langa.