Nkhuyu Ndine, Nyerere N'zenizeni

Sabata yatha kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande anandigwira mkono pokwera, nati, "Pang'onopang'ono madala, mungagwe." Kenako anauza bambo wina kuti andisiyire mpando wakutsogolo. Ine ndili ndi zaka 43. Bambo anandisiyira mpandoyo, nditamuyang'anitsitsa, n'kutheka kuti tinalemba mayeso a Sitandade 8 chaka chimodzi. Ndinakhala ndithu, pajatu mpando wakutsogolo sakana, koma njira yonse mpaka ku Limbe ndinkangoganiza za mkuyu.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu tinkaumva pochenjeza anyamata ofuna mbeta. Palibe anandiuza kuti tsiku lina nkhuyuyo ndidzakhala ine, ndiponso kuti nyererezo zidzakhala zenizeni, zoyenda pamzere.

Zaka zitatu zapitazo ndinali nkhuyu yakupsa bwino. Masaya onenepa, khosi losaoneka, mimba ikufika pakhomo mwini wake asanafike. Kumudzi azakhali ankandisisita pamimbapo n'kumati, "Koma mwana wa achimwene, tauni yakuyanja!" Alonda a kuntchito ankandiitana kuti bwana, ngakhale ankadziwa kuti pofika pa 10 ndimakhala ndayamba kale ngongole. Tiyi ndinkathira masupuni anayi. Ludzu silinkatha, ndipo usiku ndinkadzuka kanayi kukataya madzi.

Woyamba kuzindikira anali mkazi wanga. M'mawa wina akusesa anandifunsa, "Bambo, kodi nyerere zikufunanji pamene mumataya madzi paja?"

Kuchipatala anandilongosolera. Shuga wa m'magazi akapitirira cha m'ma 180 pa kamakina koyezera kaja, impso zimalephera kumubweza yense, ndiye amatulukira mumkodzo atakoka madzi ambiri. Asing'anga a ku India ankazidziwa zimenezi zaka zoposa 1,000 zapitazo: ankaona nyerere zikuunjikana pamkodzo wa wodwala, matendawo n'kuwatcha madhumeha, kutanthauza mkodzo wa uchi. Ndiye kuti mayi a kunyumba anandiyeza ndi tsache, kwaulere, popanda kuima pamzere.

Mpaka apa makolo analondola. Pamene mwambiwu ukundisokoneza ndi pa zimene zinatsatira.

Thupi likamalephera kugwiritsa ntchito shuga limayamba kudzidya lokha, mafuta ndi minofu yomwe. Mafuta a m'masaya amachoka, koma khungu silichoka nawo. Limatsala lili lendelende ngati jekete la pakaunjika logulira mwana kuti adzakuliremo. Lamba ndinamuboola katatu ndi msomali. Lero ndikumwa metformin, ndikudya mgaiwa ndi masamba, tiyi ndikumwa wowawa, ndipo kamakina kakuti zinthu zili bwino. Nkhope yokha ndiyo sinalandire uthengawo.

Chithunzi cha pa chiphaso changa cha unzika chinajambulidwa mu 2017, nthawi ya masaya. Kubanki ina mtsikana wa pakauntala anayang'ana chiphaso, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso chiphaso, kenako mwaulemu wonse anati, "Pepani bambo, mwana wanuyu akuyenera kubwera yekha." Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikunyada kuti ndinabereka mwana wonenepa chotero.

Ukalamba wobwerekawu uli ndi phindu lake. Pamaliro sandipatsanso khasu. Amanditengera mpando pakati pa akuluakulu, ndipo ndikatsokomola anthu amakhala chete poganiza kuti ndiyankhula za nzeru.

Chosaseketsa ndi maso a anthu ondidziwa. Ife amene tinakula m'ma 1990 tinaphunzira kuwerenga matupi: munthu akaonda, tinkayang'anana n'kumaliza nkhani chamumtima. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'dziko muno mu 2004, ndipo ambiri amene amamwa ndi athanzi kuposa ine, koma maso athu anatsalira kumbuyo komweko. Mnzanga wa paubwana amandipatsa moni mofatsa ngati wabwera kudzazonda, koma sanandifunsepo chimene chikundivuta. Akanafunsa ndikanamuuza, ndipo ndikanamuuzanso kuti akayezetse, chifukwa mimba yake ikufika pakhomo iye asanafike. Nthawi imene shuga ankandiwononga ndinkayamikiridwa. Pano ndikupeza bwino, akundipepesa.

Mwezi watha ndinapita kumudzi. Azakhali atandiona anagwira pakamwa, misozi ili m'maso. Anamutengera pambali mkazi wanga, amene anandipulumutsa ndi tsache uja, n'kumufunsa ngati masiku ano amaphika. Madzulo anandibweretsera nsima yoyera mitanda isanu ndi Fanta wozizira amene anatumiza mwana kukagula kugolosale, nakhala pamphasa kuti aone ndikudya. Ndinadya mtanda umodzi. Fanta ndinanamizira kupsontha, n'kumuika kuseri kwa mpando. Pamene azakhali ankadzuka kukatenga madzi osamba m'manja, mzere wa nyerere unali utafika kale pakamwa pa botolo.