Ulemu kwa agogo Plasma, mbaula yoonetsa mpira

Ena amatamanda ng'ombe zawo, ena galimoto. Ine ndilekeni nditamande plasma yanga ya mainchesi 42, imene achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni itakulungidwa m'mabulangete awiri, ili chiimire ulendo wonse. Plasma yeniyeni sigonekedwa panjira, galasi lake lingasweke. Anailowetsa m'nyumba amuna awiri, thukuta lili kamukamu.

Ndikuti yeniyeni chifukwa masiku ano aliyense akagula TV yopyapyala amathamangira kunena kuti "ndagula plasma". Pepani abale, zanuzo ndi LED. Makampani a Panasonic, Samsung ndi LG anasiya kupanga plasma mu 2014. Ndiye kuti pabalaza panga pakhala nkhalamba imene mtundu wake unatha, ndipo nkhalamba timaipatsa ulemu.

Mkati mwa galasi la agogowa muli timabowo tambirimbiri todzaza ndi mpweya wa neon ndi xenon. Magetsi akadutsa, kabowo kalikonse kamayaka pakokha. Tangoganizani timoto tonseto m'chipinda chimodzi! Mwezi wa June, chiperoni chikatsikira mu Blantyre, anansi athu amakanganirana makala pamsika. Ife timangoyatsa nkhani za madzulo. Pofika pa zanyengo, majuzi tavula. Mayi a kunyumba anatulukira kuti masokosi a ana akayanikidwa pampando kuseri kwa TV amauma filimu isanathe. Ngakhale mphemvu, zomwe zimadziwa malo abwino kuposa mwini nyumba, zinasamuka kukhitchini n'kukamanga mudzi kuseri komweko. Mu October timaonera tili pakhonde, kudzera pawindo, ndipo banja lonse limapumako mpweya wabwino. Ndi LED iti ingasamale thanzi lanu chotero?

Za kadyedwe, agogo sachita manyazi. Kapepala kakumbuyo kamati mawati 300. Maola asanu patsiku ndi yuniti imodzi ndi theka, pamwezi mayunitsi 45. LED ya alamu anga, yofanana kukula, sifika n'komwe mawati 100, ndiye alamuwo amangokhala osadziwa mtengo wa moyo. Kwathu mwana wa Sitandade 4 amawerengera mayunitsi pamtima. Mita ikayamba kulira, aliyense amadziwa udindo wake: wina azimitsa firiji, wina abisa ayironi, mpira upitirire.

Chinanso, plasma imadya molingana ndi kuwala kwa chithunzi. Pakawala kwambiri imameza, pakada imangolawa. N'chifukwa chake kumapeto kwa mwezi banja lathu limakonda mafilimu a mfiti ndi akuba, ochitika usiku okhaokha. Maukwati a madiresi oyera timaonera tikalandira.

Koma chithunzi chake! Apa ndiye ndisanene zambiri, maso amaona okha. Mdima wake ndi mdima weniweni, osati phulusa lotuwa la ma LED otchipa. Mpira ukamenyedwa mwamphamvu umaoneka mpira, wopanda mchira. Mlendo wokhala pambali, pafupi ndi chitseko, amaona mitundu yomweyo imene akuona bambo pampando wawo wapakati, ndipo kufanana kotere n'kosowa m'dziko muno. Masana, n'zoona, galasi limasanduka kalilole, moti ukafuna kuona wosewera umadziona wekha ukukanda mimba. Timatseka makatani onse, kutentha n'kuwonjezeka, agogo n'kukondwa.

Ndipo saiwala. Chithunzi chikakhalitsa malo amodzi chimapserera pagalasi. Pangodya yakumanzere pali chipsera cha kabokosi ka zigoli, chotsala cha zaka zonse zimene takhala tikuonera ligi ya ku England. Tsiku lina abusa anabwera kudzationa nditawauza kuti Lamlungu lapitalo ndinajomba chifukwa cha malungo. Ndinawayatsira kwaya. Iwo anayang'anitsitsa pangodya paja, kenaka anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Malungowo anatha zingati zingati?"

Alamu anga akuti ndiigulitse, ndalama za mayunitsi a chaka chimodzi zingandigulire ina yatsopano. Mwina masamu awo ndi olondola. Koma munthu sagulitsa agogo ake chifukwa choti amadya kwambiri. Amene akufuna kudzaonera mpira Loweruka lino ndi wolandiridwa: abwere ndi mayunitsi asanu, jekete asiye kunyumba.